Kodi kugawana nyimbo pa intaneti kukupha kampani yaing'ono ya nyimbo zovina?

Funso lachokera kwa wowerenga wa ku Mufakose, muno mu Harare: "Ndili ndi situdiyo yaing'ono kuseri kwa nyumba ya makolo anga, kumene ndimajambula anyamata oimba zimdancehall ndi ena okonza house ndi amapiano, ndipo nyimbozo ndimazitulutsa m'dzina la kampani yanga. Tikangotulutsa nyimbo, tsiku lomwelo imakhala ili m'magulu a WhatsApp, pakutha pa sabata ndimaimva m'makombi, koma ndalama sindikuiona. Amalume akuti kugawana nyimbo kotereku ndi kuba ndipo kudzanditseketsa situdiyo. Anzanga akuti ndi kutsatsa kwaulere. Akunena zoona ndani, ndipo ndichite chiyani?"

Achimwene, amalume anu ndi anzanuwo sakukamba za munthu mmodzi. Anzanu akuganiza za woimba, amene nyimbo yake ikafalikira amaitanidwa kukaimba kumadansi ndi kumaukwati, n'kulandira ndalama m'manja usiku womwewo. Amalume akuganiza za inu, amene munagula kompyuta, maikolofoni ndi masipika, mumalipira magetsi, mumachezera usiku kusakaniza mawu ndi zida, ndipo katundu yekhayo amene mukanagulitsa ndi nyimbo yojambulidwayo. Kugawana mafayilo sikuchotsa ndalama mu nyimbo zovina, koma kumaisamutsa kuchoka kwa wojambula kupita kwa amene amaima patsogolo pa anthu. Vuto lanu lagona pamenepo, ndipo njira yolithetsera siili pa WhatsApp ayi, ili pa mapepala amene mwina simunasainiranepo ndi oimba anu.

Kuti mumvetse chifukwa chake makampani aang'ono a nyimbo zovina amapwetekeka mosiyana ndi akuluakulu, tiyambe ndi zimene zinachitika kunja. Mu 1999 kunabwera Napster, pulogalamu imene inalola anthu kukoperana nyimbo za MP3 kuchokera pa kompyuta ina kupita pa ina, ndipo ngakhale makhoti a ku America anaitseketsa mu 2001, ena anali atatengera kale nzeruyo. Ndalama zochokera ku nyimbo zojambulidwa ku America zinatsika kuchoka pa madola 14.6 biliyoni mu 1999 kufika pafupifupi madola 7 biliyoni mu 2014. Akatswiri a zachuma anakangana kwambiri pa gawo limene kugawana mafayilo kunatengapo pa kutsikaku. Felix Oberholzer-Gee ndi Koleman Strumpf anasindikiza kafukufuku mu 2007 wosonyeza kuti kukopera sikunachepetse malonda a zimbale mwanjira yooneka, pamene Stan Liebowitz anawatsutsa mwamphamvu ponena kuti kukoperako ndiko kunali gwero lalikulu la kugwako. Mkangano umenewu ndi wofunika, komabe onsewo ankawerengera zimbale zogulidwa ndi anthu ambirimbiri m'masitolo akuluakulu, ndipo kampani yaing'ono ya nyimbo zovina siinakhalepo pa msika wotero.

Kampani yaing'ono ya house kapena techno ku London, ku Berlin kapena ku Detroit inkadinda zimbale za vinyl mwina 300 kapena 500 pa nyimbo imodzi, ndipo ogula ake ambiri anali ma DJ. Munthu wovina m'kalabu sankadziwa n'komwe dzina la nyimbo imene akuvinayo, ndipo sankaigula. Woigula anali amene amaiyika. Choncho kampani yotereyi inkadalira anthu ochepa kwambiri, moti ogula 100 akasiya kugula, phindu lonse la chimbalecho limatha ndipo ndalama yodindira chotsatira imasowa. Kampani yaikulu ikataya gawo la malonda imatsala ndi nyimbo zakale zikwizikwi zimene zikupitiriza kubweretsa ndalama, koma yaing'ono ilibe pogwira potero. Chinanso n'chakuti nyimbo yovina ili ngati tomato wa pa Mbare Musika, amene mtengo wake uli pa kukhala watsopano: DJ amaifuna m'masabata oyambirira, pamene anzake asanaipeze, ndipo miyezi ingapo ikadutsa amakhala atapita ku ina. Fayilo ikatuluka mwaulere m'masabata amenewo, nyengo yonse yogulitsira imakhala yatha.

Kwa zaka zingapo makampaniwa ankatetezedwa ndi zida zoimbira, chifukwa fayilo ya pa kompyuta siinkatheka kuiyika bwino m'kalabu momwe munali makina a vinyl okha. Chitetezocho chinachoka pang'onopang'ono. Kampani ya Pioneer inatulutsa CDJ-1000 mu 2001, makina olola DJ kuseweretsa CD monga amachitira ndi vinyl. Mu 2004 kunabwera Serato Scratch Live, pulogalamu yolola DJ kuseweretsa mafayilo a pa kompyuta pogwiritsa ntchito makina a vinyl, ndipo mu 2009 CDJ-2000 inayamba kuwerenga nyimbo kuchokera pa flash. Kuyambira pamenepo fayilo yokopera inkagwira ntchito mofanana ndendende ndi yogula. Masitolo ambiri a zimbale anatseka, ndipo mu 2007 Amato, imodzi mwa makampani akuluakulu ogawa zimbale za nyimbo zovina ku Britain, inagwa, n'kusiya makampani aang'ono ambiri akudikira ndalama za katundu amene anali atatumiza kale. Malo ogulitsira mafayilo movomerezeka analipo, monga Beatport imene inayamba mu 2004 ndi Bandcamp mu 2008, koma nyimbo yoikidwa kumeneko m'mawa inkapezeka yaulere pamasamba ena madzulo. Kutseka masamba amenewo sikunabweze ogula: Megaupload inatsekedwa mu 2012, Zippyshare inadzitsekera yokha mu 2023, ndipo mafayilo anangosamukira kwina.

Mbiri ya kwathu kuno ndi yosiyana, ndipo ndikupemphani kuti musatenge mantha a ku London n'kuwayika pa Mufakose osawayesa. M'nyengo ya makaseti, makampani monga Gramma Records ndi Zimbabwe Music Corporation ndiwo ankajambula, kudinda ndi kugawa nyimbo m'dziko lonse, ndipo oimba sungura monga Nicholas Zakaria ndi Alick Macheso, amene mizu yawo ili ku Malawi ndipo anaimbako m'chilankhulo chathu, anatchuka m'nthawi imene munthu ankalowa m'sitolo n'kugula kaseti yeniyeni. Chimene chinagwetsa malonda amenewo poyamba si intaneti, koma makina obenera ma CD ndi ogulitsa a m'misewu amene ankapereka chimbale pa dola imodzi kapena kucheperapo, panthawi imenenso chuma cha dziko chinali chitasokonekera. Pambuyo pake kunabwera Bluetooth, ma memory card ndi WhatsApp. Tanthauzo lake n'lakuti pamene inu mumatsegula situdiyo yanu, msika wogulitsa nyimbo imodziimodzi kwa womvera wamba unali utafa kale. Mnyamata wa ku Glen View amene walandira nyimbo yanu pa foni sanakulandeni dola, popeza analibe sitolo yoigulira, analibe khadi la banki lolipirira pa intaneti, ndipo bandulo imene ali nayo mwina ndi ya WhatsApp yokha.

Zimdancehall inakulira m'kati mwa chikhalidwe chimenechi, osati molimbana nacho. Chillspot Records, imene inayambira m'mafulati a Matapi ku Mbare ndipo imadziwika ndi DJ Fantan ndi Levels, inatchuka chifukwa cha ma riddim, kutanthauza nyimbo za zida zokha zimene oimba osiyanasiyana amaikapo mawu awo, amene ankafika m'mafoni, m'makombi ndi kumadansi a panja a passa passa mwamsanga. Ku South Africa, gqom ya ku Durban ndi amapiano ya m'makomboni a ku Gauteng zinafalikira kudzera pa WhatsApp ndi masamba okoperako mwaulere, mawailesi ndi makampani akuluakulu asanazilabadire. Pa chifukwa chimenechi sindingakulangizeni kuti muleke kutumiza nyimbo m'magulu. Mukatero nyimbo yanu sidzagulidwa kuposa kale. Idzangosowa woimva, ndipo woyendetsa kombi adzayika ya situdiyo ina.

Tsono ndalama yanu ikutayikira pati? Tengani foni ya munthu amene walandira nyimbo yanu itadutsa m'manja mwa anthu angapo, ndipo muone dzina la fayiloyo. Kawirikawiri mudzapeza zilembo AUD, kenako deti, kenako WA ndi manambala angapo, popanda dzina la nyimbo, la woimba kapena la kampani yanu. Nyimboyo ikhoza kumveka kuchokera pa siteji ya makombi ya Copacabana mpaka ku Chitungwiza, koma wokonza phwando amene waikonda sadziwa woti amuimbire foni, ndipo wamalonda amene akufuna nyimbo yotsatsira katundu wake sadziwa kuti inachokera kuseri kwa nyumba ina ku Mufakose. Kutsatsa kumene anzanu akunena kumagwira ntchito pokhapokha ngati dzina likuyenda limodzi ndi nyimbo. N'chifukwa chake okonza ma riddim odziwa ntchito amaika mawu otchula situdiyo yawo kumayambiriro kwa nyimbo, m'kati mwa maimbidwe momwe munthu sangawadule osaononga nyimboyo. Lembaninso dzina, chaka ndi chithunzi m'kati mwa fayilo ya MP3, ndipo muziitumiza ngati document kuti dzina lake lisasinthike msanga.

Kutayika kopweteka kuposa kumeneku kumachitika nyimbo ikatuluka isanakwane nthawi yake, ndipo nthawi zambiri woitulutsa si mdani wakutali. Amakhala woimba amene wapempha kuti akaimvere kunyumba, n'kutumizira bwenzi lake, bwenzilo n'kutumizira gulu. Mmene mukumaliza kusakaniza, anthu amakhala atazolowera kale yosamalizidwa ija, ndipo tsiku limene munakonza kuti muitulutse limakhala lopanda tanthauzo. Lamulo la pa situdiyo liyenera kukhala lolimba pamenepa: palibe fayilo yotuluka pakhomo ntchito isanathe, ndipo ngati n'kofunika kuti woimba akaimvere, mumpatse kachidutswa kochepa kokhala ndi mawu otchula dzina lake, kuti ikapezeka kunja zidziwike kumene inadzera.

Palinso anthu amene amapezadi ndalama pa nyimbo yanu, ndipo amenewa ndiwo oyenera kuwatsatira. Munthu akhoza kutenga fayilo ya pa WhatsApp n'kuiyika pa YouTube pa channel yake, kapena kuipereka kwa kampani yogawa nyimbo pa intaneti ngati yake, ndipo ndalama za otsatsa malonda n'kumapita kwa iye. YouTube ili ndi njira yotchedwa Content ID, imene inayamba mu 2007, yozindikira nyimbo paliponse pamene yaikidwa n'kupereka ndalama kwa amene anailembetsa, ndipo wolembetsa woyamba ndiye amaoneka ngati mwini mpaka wina atabweretsa umboni. Choncho nyimbo isanapite m'gulu lililonse la WhatsApp, iyenera kukhala itaperekedwa kale kwa kampani yogawa, monga DistroKid, TuneCore kapena CD Baby, itapatsidwa nambala yake ya ISRC, imene ili ndi zilembo ndi manambala 12 ndipo imaimira chojambulidwa chimenecho padziko lonse. Musanalembetse, fufuzani njira imene kampaniyo imalipirira anthu a ku Zimbabwe, chifukwa kulandira ndalama zochokera kunja kuli ndi zopinga zake kuno. Dziwaninso kuti ngati munagwiritsa ntchito zidutswa za nyimbo za ena popanda chilolezo, simungathe kuiteteza nyimboyo, ndipo mwina inuyo ndi amene mudzalandire dandaulo.

Za Spotify musayembekezere zambiri msanga. Inafika ku Zimbabwe ndi ku Malawi mu February 2021, ndipo kuyambira mu April 2024 nyimbo imene siinamvedwe kokwana ka 1,000 m'miyezi 12 siilandira kalikonse pa chojambulidwacho. Malipiro amadaliranso dziko limene womvera ali, kotero kuti abale athu okhala ku Britain kapena ku Johannesburg akamamvera amabweretsa zambiri kusiyana ndi omvera a kuno. Ubwino wake ndi wakuti nyimbo imakhala ndi malo okhazikika okhala ndi dzina lanu.

Tsopano tifike pa nkhani imene ndikuona kuti ndi yaikulu kuposa zonsezi. Lamulo la dziko lino, Copyright and Neighbouring Rights Act, Chapter 26:05, limateteza ntchito kuyambira pamene yapangidwa, popanda kukailembetsa kwina kulikonse, ndipo limasiyanitsa umwini wa nyimbo yopekedwa, kutanthauza mawu ndi maimbidwe, ndi umwini wa chojambulidwa. Inu amene munapanga riddim ndinu mmodzi mwa opeka nyimboyo, ngakhale mawu anu samveka, ndipo monga amene munakonza ndi kulipira zojambula muli ndi gawo pa chojambulidwacho. Koma zinthu zikayamba kuyenda bwino, mawu a pakamwa amene munapangana usiku mu situdiyo aliyense amawakumbukira mosiyana, ndipo kusamutsa umwini kumafunika kulembedwa ndi kusainidwa. Ndaona masitudiyo aang'ono akukweza mnyamata kuchokera pamene sankadziwika ngakhale mumsewu wa kwawo, akumujambula ulere, akumugulira chakudya ndi kumulipirira kombi, ndipo nyimbo itagunda mnyamatayo n'kupita kwa manijala wina, situdiyo n'kutsala ndi ngongole ya magetsi. Kawirikawiri mnyamatayo sakhala woipa mtima. Palibe amene anamuuza kuchiyambi kuti pali gawo limene ayenera kubweza.

Popeza kufalikira kwaulere kumabweretsa ndalama kudzera m'mapwando, mgwirizano wanu uyenera kutsatira ndalamayo kumene yapita. Woimba asankhe chimodzi mwa ziwiri asanaime pa maikolofoni. Akhoza kulipira nthawi ya situdiyo ndi riddim pamtengo wokwanira, ndipo zikatero zimene adzapeze kumapwando ndi zake. Ngati alibe ndalama ndipo mukumujambula ulere, alembe kuti chojambulidwacho ndi cha kampani yanu, kuti ndalama zochokera pa YouTube ndi kwina mudzagawana motani, ndiponso kuti pa nthawi yotchulidwa, monga chaka chimodzi kapena ziwiri, kampani idzalandira gawo lotchulidwa pa mapwando amene adzaitanidwe. Gawolo likhale lachilungamo ndipo nthawiyo ikhale ndi malire, chifukwa mgwirizano womanga mwana wa eni ake kwa zaka zambiri umabala udani ndipo umaononga dzina la situdiyo pakati pa oimba ena. Pepala limodzi lolembedwa m'mawu osavuta, lowerengedwa mokweza pamaso pa mboni, aliyense n'kutenga lake, ndi lokwanira poyambira, ndipo ngati woimbayo sanakwane zaka 18 kholo lake lisainire. Ndalama zikayamba kukula, pitani kwa loya akaliunike. Pa riddim imene aimbapo anthu 15 kapena 20, pepalali ndi lofunika kwambiri, popeza aliyense mwa iwo akhoza kukaiyika pa intaneti payekha, ndipo makina a Content ID akakumana ndi maimbidwe amodzi olembetsedwa ndi anthu ambiri amayamba kutsekereza nyimbo za anzawo.

Lembetsaninso ku ZIMURA, bungwe limene lakhala likutolera ndalama za opeka nyimbo kuchokera ku mawailesi, m'mabala, m'mahotela ndi malo ena oimbirako nyimbo poyera kuyambira mu 1982. Bungweli lingakulipireni pokhapokha ngati ndinu membala ndipo nyimbo iliyonse mwailembetsa pamodzi ndi magawo a onse amene anaipeka. Apa ndi pamene kufalikira kwaulere kungakupindulireni mwachindunji, chifukwa nyimbo imene yatchuka m'makombi imakafika pa wailesi, ndipo wailesi imayenera kulipira. Ngati oimba anu amaimbako m'Chichewa ndipo nyimbo zikuwoloka kukafika ku Lilongwe ndi ku Blantyre, funsani mmene ndalama zotoleredwa ndi COSOMA ku Malawi zingakupezereni kudzera m'mgwirizano wa mabungwe a mayiko awiriwa. Malawi anachitapo kanthu pa nkhani ya kukopera kumeneku: pansi pa lamulo la 2016 pali msonkho wapadera pa zipangizo zosungira nyimbo, ndipo COSOMA imagawira eni ntchito ndalamazo. Nzeru yake ndi yakuti popeza kukopera kwa m'nyumba sikungaletseke, ogula zipangizo zokoperera aperekeko kenakake kwa opanga nyimbo, ndipo ine ndikuona kuti ndi nzeru yoyenera kuti oimba ndi okonza nyimbo a kuno aikambirane mozama.

Ma DJ ndiwo makasitomala amene angalipirebe fayilo, ndipo muwasamalire mosiyana ndi omvera wamba. MP3 ya 128 kbps imatenga pafupifupi megabayiti imodzi pa mphindi, ndipo pa foni kapena m'kombi imamveka bwino ndithu, koma pa masipika akuluakulu a m'kalabu kuchepa kwake kumaonekera. Ya 320 kbps ya mphindi 6 imafika pafupifupi megabayiti 14, pamene WAV, fayilo imene siinachepetsedwe konse, imatenga pafupifupi megabayiti 10 pa mphindi. Kusiyana kumeneku kukupatsani katundu wa mitundu iwiri. Yopepuka, yaifupi, yokhala ndi dzina la situdiyo, ipite m'magulu mwaulere. Yathunthu, yokhala ndi chiyambi ndi mapeto ataliatali osavuta kulumikiza ndi nyimbo ina, pamodzi ndi ya zida zokha yopanda mawu, ikhale ya ma DJ amene alipira pa EcoCash, ndipo aipeze masiku angapo ena onse asanaipeze. DJ wodziwa ntchito yake amalolera kulipira kuti akhale woyamba, komanso amalipira bwino kwambiri nyimbo yojambulidwa mwapadera yotchula dzina lake, imene anyamata amaitcha dubplate, chifukwa imeneyo ngakhale itakopedwa ilibe ntchito kwa DJ wina. Kwa okonza house ndi amapiano, Bandcamp imatenga maperesenti 15 pa mafayilo ogulitsidwa ndipo imakulolani kuika mtengo nokha, zimene zimathandiza kufikira ma DJ akunja amene anazolowera kugula.

Musataye mphamvu polimbana ndi magulu a WhatsApp. Mauthenga ake akhala otsekedwa kuyambira mu 2016 moti palibe amene angaone chimene chikudutsa, ndipo anthu amene ali m'magulumo ndi omwewo amene adzalipire pakhomo la dansi. Madandaulo anu apite kwa amene akugulitsa kapena kulandira ndalama za otsatsa pa ntchito yanu, ndipo YouTube ili ndi fomu yodandaulira imene imagwira ntchito mukakhala ndi umboni. Umboniwo ndi mafayilo oyambirira a pa kompyuta yanu okhala ndi madeti ake, choncho muwasunge pa malo awiri osiyana, chifukwa hard drive imodzi ikhoza kufa magetsi akabwera mwamphamvu.

Nyimbo zimene munatulutsa kale musaziyese zotayika. Itanani oimbawo mmodzimmodzi pamene ubale udakali wabwino, lembani magawo a aliyense, kenako mufufuze pa YouTube ndi pa Spotify ngati wina anaziyika kale m'dzina lake. Zimene zili zomasuka ziperekeni kwa kampani yogawa ndi ku ZIMURA, kuyambira ndi zija zimene mukuzimvabe m'makombi.